Mangolongondo anga aphikira phala, wolephera akuti ndine

Ndanyansidwa, abale. Ntchito yanga ya milungu isanu yathera pansi pa mphika, ndipo pa fomu alemba kuti ndine waulesi.

Kwa amene simundidziwa, ndikuphunzira uphunzitsi. Koleji inanditumiza kusukulu ina yapulayimale kufupi ndi Jenala kuti ndiziphunzitsa moyeserera. Ndili ndi Sitandade 6, phunziro la nyimbo ndi magule. Kuti ndikhoze, a lekichala ayenera kubwera kudzandionerera n'kundipatsa malikisi. Ulendo uwu unali womaliza. Kulephera pamenepa ndiye kuti kubwereza chaka.

Kukoleji amatiuza kuti tisamalire zipangizo, tizipanga tokha ndi zomwe zili pamalopo. Ndinamvera. Ine ndi ana anga tinasema mangolongondo, mitengo khumi ndi iwiri, uliwonse ndi liwu lake. Kupala, kugogoda, kumvetsera, kupalanso, mpaka manja matuza okhaokha. Titamaliza, ana ankaimbapo nyimbo ya tchopa moti amayi opita kudimba ankaima pamsewu, makasu ali paphewa.

Ahedi okha ndi amene sizinawasangalatse. Anati phokoso likusokoneza a Sitandade 8.

"Madamu, timitengo tanuto kaikeni kukhitchini. Mudzatenge alendo anu akabwera."

Ndinapempha kuti mangolongondowo akhale mu ofesi. Anati ofesi ndi ya mabuku, si ya zoseweretsa.

A lekichala anati abwera Lachiwiri. Ndinavala bwino, ndinadikira. Zii. Anati Lachinayi. Lachinayi akuti galimoto ilibe mafuta. Kenako Lachisanu, 11:35, ana atatsala pang'ono kuweruka, ndinangoona fumbi kobo pabwalo. Osaimba foni, osatumiza ngakhale kauthenga. Kodi foni zawo zimagwira pozengereza pokha?

Ndinathamangira kukhitchini. Pakona pamene dzulo lake ndinaona mangolongondo anga panali mbee. Mayi wina mwa makolo ophika phala la ana anali akutsuka mphika.

"Aphunzitsi, mukufuna nkhuni zosalala zija? Iii, zinali zouma bwino zedi! Zathu zinanyowa ndi mvula, ndiye ahedi anati chilichonse chili muno n'cha pamoto."

Mayiwo sindikuwada, sankadziwa. Koma ahedi? Munthu amene anandiuza yekha kuti ndiike mmenemo? M'phulusa ndinapezamo mtengo umodzi, wa liwu lokwera kwambiri, utapsa theka. Ndinautola ukadali wofunda.

Ndinalowa m'kalasi chikunicho chili m'manja. A lekichala anakhala kumbuyo, maso pafoni. Nditayesa kufotokoza, anandidula.

"Madamu, ine ndili ndi masukulu ena atatu lero. Ndimalemba zomwe ndaona, nkhani za kukhitchini si zanga."

Anakhala mphindi zisanu ndi zinayi. Ndinayang'ana wotchi, sindikunama. Phunziro la mphindi makumi atatu ndi zisanu mungaliweruze ndi moni wokha? Analemba kuti zipangizo palibe, kukonzekera n'kochepa. Ahedi anali ataima pakhomo, manja kumbuyo, n'kumapukusa mutu ngati akumva chisoni. Anati achinyamata a masiku ano amafuna zopatsidwa. 

Ana ataona chikuni chopsacho m'manja mwanga anazindikira. Popanda wowauza, anagawana mawu a mitengo ija, aliyense liwu lake, n'kuyamba kuimba nyimbo yonse ndi pakamwa, ena akuomba m'manja. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Ndicho chimene ndinawaphunzitsa, ndicho chimene munthu anachokera kutali kudzaona. Koma nthawi imeneyo n'kuti a lekichala atatseka kale chitseko cha galimoto. Ndinalira pamaso pa ana, sindibisa.

Tsopano ndiyankheni, inu akukoleji. Mumatituma kuti tikhale aphunzitsi a nyimbo kumasukulu kumene nyimbo amaitcha phokoso, ndiye mumatiteteza bwanji? Wobwera mochedwa masiku atatu ndi ameneyo, wotenthetsa zipangizo ndi uyo, koma wobwereza chaka ndikhale ine? Sindikupempha malikisi aulere. Ndikufuna munthu abwerenso, akhale pansi, aonere phunziro lonse mpaka belu.

Anzanga amene mukupita kukaphunzitsa chaka chamawa, chilichonse chosema muzigona nacho kunyumba kwanu.

A lekichala, fomu yanu ikuti ndinalibe chipangizo. Lolemba m'mawa ndikubwera nacho ku ofesi kwanu, ndidzachiika padesiki panu. Chikununkhabe utsi.