Bagla, Laqlaq ndi Fomu ya Dokotala

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anandisunga m'zaka zozizira zija, nandipatsa thanzi ndi manja ogwirira ntchito pamene ambiri ankabwerera kwawo chimanjamanja.

Inali nthawi imene chuma cha Ireland chinagwa chagada. Nyumba zosamalizidwa zinali mbwee, ndipo ngakhale ana a eni dziko ankakwera ndege kukasaka ntchito kwina. Ine ndinkakhala ku Ballymun, ndikugwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Drumcondra. Ndinali wa ejensi. Munthu wa ejensi amaitanidwa akafunidwa, ndipo pomusiya sipakhala kalata kapena chifukwa.

M'chipinda choyang'ana ku mtsinje wa Tolka munkakhala bambo wina wachikulire wochokera ku Pakistan. Sitiroko inamupha mbali imodzi, n'kumulandanso Chingerezi chonse chimene anagulitsira nsalu kwa zaka zambiri. Mwana wake anali atapita ku Australia. Womasulira amene ankabwera kale anaimitsidwa pochepetsa antchito. Pa fomu ya bamboyo panalembedwa kuti amangobwebweta.

Kwathu munthu wamkulu sumudyetsa utaimirira ngati ukuthirira mbewu. Choncho ndinkakoka mpando, kumupatsa moni, tonse n'kuyang'ana pawindo. Tsiku lina mbalame yotuwa, yaitali miyendo, inatera pamwala pakati pa madzi. Bamboyo anakweza chala cha dzanja labwinolo.

"Bagla," anatero.

"Bambo, uyo ndi kakowa wamkulu. Kuno amati heron."

"Bagla!" anabwereza, akundiyang'ana ngati mphunzitsi amene watopa ndi mbuli.

Mawa lake mbalame ija inabweranso, ndipo liwu linali lomwelo. Ndinagula buku lakale la zithunzi za mbalame mu shopu ya kaunjika, ndipo tinkatsegula tsamba limodzi pa chakudya chilichonse. Pa dokowe, amene pansi pake panalembedwa stork, iye anati laqlaq. Pa crane, mbalame ina yaitali khosi ndi miyendo, anati saras. Pa vulture, muimba wathu uja, anati gidh, nkhope itakwinyika. Pa eagle, chiwombankhanga, anati uqaab. Zonsezi ndinkalemba m'kope monga zinkamvekera m'khutu langa.

Kopelo ndinapita nalo kwa mwini shopu wina wa ku Pakistan, kumene ndinkagula makadi oimbira foni kumudzi. Anawerenga n'kuyamba kuseka.

"Sista, Chiurdu mwayamba liti? Mukufuna tikupezereni banja kwathu?"

"Banja ndili nalo, achimwene. Ingondiuzani ngati awa ndi mawu enieni."

"Enienitu. Saras uyu ngakhale ana anga samudziwa. Amene wakuuzani izi mutu wake uli bwino kuposa wanga."

Sabata yomweyo abwana athu, mayi amene ankayendetsa nyumbayo, analengeza kuti bamboyo asamutsidwira ku wodi yokhoma ya m'mwamba, ya anthu amene nzeru zinawathawa. Kumeneko zitseko zimatsegulidwa ndi manambala, ndipo wolowa satulukanso. Dokotala anayenera kubwera Lachinayi kudzasaina. Ndinawaonetsa abwanawo kope lija. Sanaligwire n'komwe.

"Ntchito yako ndi kusambitsa ndi kudyetsa," anatero. "Nthawi imene umathera pa mbalame, mnzako amakhala atasambitsa anthu awiri. Lachinayi udzamubweretse, udzaime pakhomo, basi."

Mnzanga wa ku Zambia, amene tinkagwira naye shifiti imodzi, anandikokera kukhitchini.

"Iwe mwana, uzaluza nchito pamulandu wa tunyoni? Ukabwerera ku Malawi uzayamba kudya laqlaq?"

"Ndidzakutumizirako mwendo," ndinatero.

M'basi yobwerera ku Ballymun ndinapemphera. Ndinakumbukira kuti ntchito yoyamba imene Mlengi anapatsa munthu m'munda muja inali yotcha maina zamoyo. Munthu amene akuigwirabe ntchito imeneyo, ndani angamutchule wotayika? Ndinakumbukiranso kuti tinalamulidwa kulankhulira amene sangathe kudzilankhulira, ndipo lamulolo silinapatule anthu a ejensi.

Lachinayi dokotala anafika, mtsikana wooneka wotopa. Anaonetsa bamboyo wotchi, kenako pensulo, akufunsa m'Chingerezi. Bamboyo ankayankha m'chinenero chake, dokotala n'kumachonga kuti walephera. Atafika pa funso lachitatu, ndinachoka pakhomo paja.

"Adokotala, pepani. Mayeso anuwo ali m'chinenero chimene matenda anawalanda bambowa. Yesaniko anga."

"Tuluka," anatero abwana, mawu ali pansipansi.

"Sindituluka, mayi. Mawa mukhoza kundichotsa, koma lero ndilankhula."

Ndinapereka buku ndi kope m'manja mwa dokotala, ndikumuuza kuti atsegule paliponse pamene afuna, ine ndisanene kanthu. Anatsegula pakati. "Uqaab," anatero bamboyo. Dokotala anayang'ana m'kope. Anatsegula kumapeto. "Gidh." Anabwerera kumayambiriro. "Saras." Kenako, pofuna kumukola, analoza dokowe n'kufunsa kuti, "Bagla?"

Bamboyo anapsa mtima. Anapukusa mutu, n'kumenya tebulo.

"Laqlaq! Laqlaq!"

Anawombanitsa zala zake ngati mulomo wa mbalameyo, kenako analankhula mawu ambirimbiri amene sindinawamve, koma aliyense m'chipindamo anadziwa kuti dokotala akudzudzulidwa.

Dokotala anaika cholembera pansi. Anauza abwana kuti sasaina kanthu mpaka atapezeka womasulira, ndipo ngati nyumbayo singamupeze, amupeza yekha. Womasulirayo atabwera, zinadziwika kuti bamboyo ankadziwa tsiku, mwezi, ngakhale mankhwala amene ankamupweteketsa mutu. Bamboyo anakhalabe m'chipinda chake.

Ine sanandiitanenso ku nyumba imeneyo. Ndinatha miyezi ndikukolopa maofesi ku Tallaght, msana ukundiwawa, koma sindinapepese kwa munthu aliyense, ndipo mpaka lero sindinaonepo choti ndipepesere. Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkapita kukaona bamboyo ngati mlendo. Ndinkalemba dzina langa m'buku la alendo ndi zilembo zikuluzikulu, abwana akuona.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni pa ntchito zanu. Akulimbitseni mawondo pa tsiku limene choonadi chidzakhale chodula, akusungireni ana anu pafupi, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu kulikonse kumene munamwazikira. Amen.