Agogomole Pafupi ndi Denga

Adada anali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi pa Mlare, ndipo ine, mwana wawo wamkazi woyamba, ndinali wotsuka makapu. Mphunzitsi wina wa kumwera atasamutsidwa anatisiyira chithunzi chodula pa kalendala: mbalame ziwiri zogogoda mitengo, agogomole, zili pa mtengo wouma. Amene anachijambula ndi dzanjayo mbalame ankazidziwa. Imodzi inakakamira thunthu ndi zikhadabo, mchira itautsamiritsa pa khungwa, mutu uli psuu, tizidutswa ta mtengo tikuuluka. Inayo inkasuzumira m'mphako ngati mayi wodikira ndiwo. Ndinkachiyang'ana mpaka madzi otsukira kuzizira.

Adada anachikonda kuposa ine. Poopa zala zamafuta za anthu odya mandazi, anachikhomera m'mwamba, pafupi ndi denga. Anaiwala kuti masiku amenewo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Cha mtsogoleriyo chinatsalira m'munsi.

Tsiku la msika munalowa mnyamata wa chipani, mwana wa aneba, amene ali wamng'ono ndinkamuona akuthamanga wopanda kabudula. Masiku onse tinkacheza naye m'Chitumbuka, koma tsikulo anatulutsa Chichewa cha mu ofesi.

"Bambo, mbalame izi zaposa boma?"

Masupuni anasiya kulira m'makapu. Aliyense ankadziwa kuti mawu amenewa akangofika kwa akuluakulu, kanyumba kathu katsekedwa, mwinanso adada sagona kwawo.

Adada, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, anagwada pa simenti pamaso pa anthu onse aja.

"Phepani, abwana. Ni viyuni waka," anatero, kenako n'kubwereza m'Chichewa kuti amve bwino. "Ndi mbalame chabe, zachabechabe."

Anadzuka, anakwera pa benchi, n'kuthothola chithunzi cha mbalame chija. Anakulungiramo mandazi otentha n'kumupatsa mnyamatayo ndi manja awiri. Ndinaona mafuta akulowerera pa mutu wofiira uja mpaka unada.

Sindinakwiye ayi. Amene anandigwira ndi manyazi, aja otentha m'makutu, oti ukanatha ukanalowa pansi. Ndinali ndisanawaonepo adada atagwadira munthu, koma Mulungu yekha.

Adada anapukuta fumbi m'maondo, maso ali kumbali.

"Mwananga, athirire tiyi abwana."

Ndinathira, shuga ndinaikamo, ndinatakasa.

Kanyumbako sikanatsekedwe. Koma ine ndi adada sitinayang'anane m'maso mpaka anthu anakolola mpunga.