Matenda a Felistus Amene Sanapweteke

Felistus Mbewe anabadwira ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, mwana wa Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Ankapikula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Shuga anakhala naye zaka zambiri, koma ankangomwa mankhwala ake n'kunyamula beseni.

Mwamuna wake Shadreck, wa ku fakitale ya feteleza, analibe shuga. Tsiku lina anagwa pakhomo atagwira pachifuwa, akubuula. Felistus anathamanga naye mpaka ku Lusaka, kumene madokotala anapeza mtsempha umodzi wa mtima utatsekeka, n'kuutsegula. Malo ake pamsika anawasiyira mnzake Eunice kuti iye mwini Felistus azidwazika bamboyo. Ankamusambitsa, kumuphikira ndiwo zopanda mafuta, mpaka munthu anachira n'kunenepa.

Kenako Felistus anayamba kufooka. Akangoyenda pang'ono, befu, thukuta lozizira lili kamukamu, koma pachifuwa sipankapweteka. Atadandaula, Shadreck anaseka.

"Matenda a mtima ndimawadziwa ine, amake Towela. Amapweteka ngati wakuponda ng'ombe. Inu mwangotopa ndi msika."

Anamukhulupirira, poti iye ndiye anadwalapo. Koma Towela, mwana wawo wamkazi, anawapeza amayi ake atakhala pansi kubafa, n'kuwatengera kuchipatala. Dokotala anati mtima unali utavulala kale. Anafotokoza kuti shuga nthawi zina amagonetsa ululu, munthu osamva kanthu, kwinaku mitsempha ikuphinjika. Yophinjika ya Felistus inali itatu, ndipo inafunika opaleshoni yaikulu yodikira nthawi.

Shadreck anabwera kamodzi. Anaima kumiyendo kwa bedi, osakhala pansi, n'kunena kuti wapeza ganyu ku Mazabuka. Felistus atatuluka m'chipatala, amayi a chigwirizano cha kumpingo anamuuza monong'ona kuti bamboyo sanachoke mu Kafue. Ankakhala kwa Eunice, ndipo zinayamba kale, nthawi imene Eunice ankabwera kunyumba kudzazonda wodwala.

Felistus sanalire pamaso pawo. Anawathokoza, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Akulu a mpingo atabwera kudzamuyanjanitsa ndi Shadreck, Felistus anawamvetsera mpaka kumapeto.

"Kudwala sindimudandaulira, si iye anandipatsa," anatero. "Koma anandiuza kuti sindikudwala, ine n'kumumvera."

Lero amakhala kwa Towela, amagulitsa tomato pakhonde podikira kuitanidwa ku Lusaka. Shadreck akafuna kupita kumsika amadzera msewu wina.