Amayi a Mzere

Mwezi uno tikukumbukira mayi amene ankasesa tchalitchi chathu, amene ana ankawatcha Amayi a Mzere.

Anabadwira m'banja la mmisiri wa matabwa, ndipo sukulu anaisiyira panjira. Bambo awo ankati msewu ndi wautali, mwana wamkazi sangauyende yekha, ndipo womuperekeza panalibe. Atakula anakwatiwa, mwamuna wawo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo m'pamene anayamba ntchito yosesa kuno.

Mzerewo unayamba ndi ana awo omwe. Ikatha Misa ya m'mawa, ankatsamiritsa tsache kukhoma n'kuwaperekeza kusukulu. Ana a anansi anayamba kutsatira, kenako enanso. A njinga ankatsogola, n'kumatsika pamphambano kuti awoloke akukankha. Mayiwo ankatsalira ndi mwana woyenda pang'onopang'ono, korona yopempherera ili m'dzanja. Wodandaula kuti watopa ankamufunsa ngati Mulungu anamupatsa miyendo kuti azingoisunga m'nsapato.

Kenako ife a m'parishi muno tinayamba kupeza bwino. Tinagula magalimoto, ndipo kuyendetsa mwana pansi kunasanduka chinthu chamanyazi. Masamu ake ndi ovuta mpaka lero. Mwana wa m'galimoto ankachedwa chifukwa cha kuthinana pageti, woyenda pansi atakhala kale m'kalasi, komabe tonse tinagwirizana kuti galimoto ndiye yachangu. Mzere unachepa. Mayiwo sanatidzudzule, ankangotikwezera dzanja tikamawadutsa n'kuwasiyira fumbi.

M'mawa wina pageti la sukulu, galimoto yobwerera m'mbuyo inawagunda pamene ankakoka kamwana kuti kasapondedwe. Woyendetsayo sanaime. Fupa la m'chiuno linathyoka. Bambo mfumu atawafunsa kuchipatala ngati anamuona munthuyo, anavomera.

"Ndi wathu yemwe, Bambo. Lamulungu amalandira Ukaristia. Musiyeni, akudziwa yekha."

Ambiri a ife tinali pageti m'mawa umenewo, aliyense maso ali pawotchi, ndipo palibe amene anaona kanthu. Lamulungu lotsatira tinapita tonse kukalandira, mitu ili pansi.

Sanayendenso. Mwana wawo wamkazi ankawakhazika pampando pakhomo la tchalitchi kuti aziona ana otsalawo akunyamuka okha. Za ululu sankanena. Ankapempha chinthu chimodzi, kuti papezeke wamkulu woperekeza anawo, chifukwa makolo ena anali atayamba kuwasunga kunyumba poopa msewu. Tinawapititsira shuga, sopo ndi bulangete. Pempholo tinalitumiza ku komiti ya parishi, ndipo komiti inalikambirana bwino kwambiri.

Anamwalira masana ena atalandira sakramenti la odwala, mwana wawo akuwawerengera Salimo. Akuti mawu awo otsiriza anali kufunsa ngati ana aweruka.

Lolemba titawaika m'manda, popanda amene anatiitana, tinafika pakhomo la tchalitchi tili ambiri, wapansi, ena ndi nsapato za kuofesi. Sitinkayang'anana. Tinanyamuka ndi anawo, mkulu wa komiti ali patsogolo. Titafika pamphambano yoyamba iye anakhotera kumanja, ife tonse n'kumutsatira. Ana anaima. Zinaoneka kuti pa akulu tonsefe panalibe wodziwa njira ya wapansi yopita kusukulu ya ana athu.

Kamtsikana kena kanamukoka jekete.

"Si uko, amalume. Uko n'kwa magalimoto."