Anandichotsa pa Ketulo

Ndagwira ntchito yophika tiyi pa ofesi ina kuno ku Mzuzu kwa zaka zambiri. Ndinkachoka ku Ching'ambo wapansi kukadali chifunga, kuti anthu akamafika apeze ketulo yawira. Aliyense ndinkadziwa kamwedwe kake: akalaliki shuga wambiri, adalaivala wopanda mkaka. Onse ankanditchula kuti amama, ndipo ndinkamva bwino.

Bambo a ana anga atamwalira ndinakayezetsa magazi, n'kuyamba kumwa ma ARV. Sindinauze munthu kupatula abusa. Koma tsiku lina mayi wina wa pa ofesipo anandipeza pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala. Tinapatsana moni bwinobwino.

Lolemba lotsatira akapitawo anandiitana. "Amama, mwatopa ndi nthunzi. Kuyambira lero muzisesa panja, kuli mpweya wabwino." Ankalankhula akuyang'ana makiyi omwe anali m'manja mwawo. Za tiyi anapatsa mesenjala.

Panja ndinasesa miyezi isanu. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, yowaza yosaleka ija. Teni koloko ikakwana ndinkamva masupuni akulira m'makapu, anthu akuseka, ine ndili pansi pa mtengo wa mapeyala ndi kachigumu kanga. Palibe anandinyoza poyera. Akananditukwana mwina ndikanayankha. Ndinkangoti, Ambuye, Inu mukundiona, n'kumaimba chamumtima.

Kenako kunabwera abwana atsopano, mayi ochokera ku Lilongwe. Atalawa tiyi wa mesenjala anafunsa ngati pa ofesi pano timaphikira madzi otsukira mbale. Adalaivala ndi amene anaulula: "Wophika weniweni ndi uyo ali ndi tsache panjayo, madamu."

Madamu anandiitana n'kutseka chitseko. Ndinawauza zonse, uku ndikuganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Iwo anati lamulo sililola kusuntha munthu pa ntchito chifukwa cha matenda amenewa, ndipo anafunsa ngati ndikufuna kukadandaula ku ofesi ya zantchito.

"Ayi madamu. Mungondibwezera ketulo yanga."

"Ketulo yokha basi?"

"Ndi epuloni."

Anaseka, n'kundibwezera zonse. Mulungu awadalitse kumene aliko.

Koma m'mawa mwake ndinaona mafulasiki pa madesiki. Uyu akuti adokotala amuletsa shuga, uyo akuti akusala kudya. Omwa tiyi wanga tinatsala atatu: madamu, adalaivala ndi ine. Adalaivala ankamwa makapu awiri n'kumalankhula mokweza m'khonde: "Yewo chomene, amama. Enanu pitirizani kusala, ife tikunenepa."

Madamu anasamutsidwa chaka chatha. Pa ketulo palibe wandichotsaponso, ndipo ana anga akuphunzira, ndimathokoza. Tsiku lililonse ndimaika makapu onse pa thireyi n'kuzungulira maofesi, kugogoda chitseko chilichonse. Ambiri amati zikomo osadzutsa mutu. Makapu obwerera ouma ndimawatsukanso limodzi ndi enawo, n'kuwapukuta, kuti mawa akhale okonzeka.