Mimba Yoyamba ya Eliness wa ku Uliwa

Eliness ankagulitsa usipa m'mbali mwa msewu pa Uliwa kuyambira ali mtsikana. Minibasi sankaikonda, chifukwa ankasanza isanafike n'komwe ku Boma. Atatenga mimba yoyamba, fungo la usipa linayamba kumuchititsa nseru, moti ngakhale madzi sankakhazikika m'mimba.

Namwino wa pachipatala, mayi wa ku Dedza, anamufunsa ngati amayi ake ankavutikanso chonchi.

"Amama ankasanza mpaka tsiku lochira," anayankha Eliness.

"N'zakumtundu zimenezi. Komanso mwanyamula mapasa, ndiye zimanyanya."

Anagona masiku anayi pa diripi. Atatuluka, anapeza malo ake ogulitsira atatenga mayi wina. Ana anabadwa amoyo onse awiri, koma thupi la Eliness silinabwerere mwakale. Mwamuna wake akatchula za mwana wina, Eliness amangosintha nkhani.