Mawu khumi a Mayi Evelina

Mayi Evelina Chimbalanga anafika ku South Bend, ku America, kuchokera kwawo ku Chiradzulu mwana wawo Tiffany ali kumsana, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu zatha akugwira ntchito imodzimodzi: kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba. Amuna awo anatsogola kalekale. Tiffany anakula, anakwatiwa, n'kusamukira ku Beech Grove, ku Indianapolis. Amayi ake akamuyimbira foni m'Chichewa amamva zonse bwinobwino, koma kuyankha ndiye Chingerezi basi. Iwo ankangoti, "Ana a kuno," n'kuseka.

Chaka chatha, kumbali imene ankagwirako ntchito kunabwera nkhalamba ziwiri zimene matenda oiwala anazilanda Chingerezi. Bambo Rahmat, a ku Malaysia, munthu woti anaphunzitsa masamu zaka zambirimbiri m'Chingerezi, anabwerera ku Chimaleyi cha ubwana wawo. Mayi Wubalem, a ku Ethiopia, anatsala ndi Chiamhariki chokha. Antchito ena ankangokweza mawu, ngati kuti woiwala chilankhulo ndi gonthi. Zimenezi zinkawanyansa Mayi Evelina. "Mukukuwira chiyani? Munthuyu makutu ali nawo!" Ndiye anatenga foni, kufunsa apa, kufunsa apo, n'kulembera aliyense khadi la mawu khumi ofunika, n'kumata pakhoma kumutu kwa bedi.

Chimaleyi sichinawavute. Chimalembedwa ndi zilembo zathu zomwezi, ndipo ukachiwerenga mwa Chichewa umapezeka kuti sunaphonye kwambiri. Makan ndi kudya, sakit ndi kuwawa, sejuk ndi kuzizira. Sabata imodzi anali ataloweza onse. Koma Chiamhariki, abale inu! Zilembo zake ngati timipando ndi timakasu, ndipo mawu ena amathetheka m'kamwa ngati chimanga chokazinga. Wuha, kutanthauza madzi, anagwira msanga, koma zikomo yekhayo, ameseginalehu, anawatengera sabata ziwiri. Mayi Wubalem ankawaseka mpaka kutsokomola.

Patapita miyezi, Mayi Evelina anaona kuti kusiyana kwenikweni kwa zilankhulo ziwirizi sikunali m'zilembo ayi. Chovutacho chinali ndi eni ake. Lamlungu lililonse kunkabwera amayi ovala zoyera kuchokera ku Indianapolis, atagula buledi wawo wa injera m'masitolo a ku Lafayette Road, n'kudzaza chipinda cha Mayi Wubalem ndi macheza ndi nyimbo. Chosavutacho chinalibe munthu. Mwana yekhayo wa Bambo Rahmat, dokotala wa mano ku Chicago, anabadwira konkuno ndipo Chimaleyi sankachidziwa. Ankabwera pa sitima kamodzi pamwezi, n'kukhala pampando kulankhula Chingerezi, bambo ake akumuyang'ana ngati mlendo wosochera. Padziko lonse, munthu yekha amene ankayankha mkuluyo anali mayi wa ku Chiradzulu wokhala ndi mawu khumi.

Bambo Rahmat anamwalira m'mawa wina wa February, chipale chofewa chili mbuu panja. Mwana wawo atabwera kudzalongedza katundu, anapeza khadi lija pakhoma. Anawapempha Mayi Evelina kuti amuwerengere. Iwo ankatchula, iye n'kumabwereza ngati mwana wa sitandade wanu. Atafika pamzere womaliza, saya di sini, anafunsa tanthauzo lake.

"Ndiye kuti, ndili pano," anatero Mayi Evelina. "Akamalira ndinkawauza zimenezo, ankangoti zii."

Dokotala uja, mwamuna wamkulu, anakhala pabedi lopanda munthu n'kulira ngati khanda. Miyezi yonseyi ankabwera, ndipo mawu atatu okhawo analibe.

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Evelina mtima sunakhale m'malo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anakumbukira kuti masiku ano akatopa amapezeka akuwalankhula azungu Chichewa osadziwa. Anachita mantha, mantha enieni. Chingerezi chikadzawathawa, adzagona pabedi lotere akupempha madzi, anthu n'kumawakuwira m'makutu. Tiffany adzamva, inde, koma iwo adzamumva bwanji iyeyo? Anakhala patebulo m'kanyumba kawo, momwe mumamveka furiji yokha, n'kulemba khadi lachitatu, la Chichewa.

Loweruka anayendetsa galimoto maola awiri ndi theka mpaka ku Beech Grove. Anamupeza Tiffany akupinda zovala zochapa, foni ili pakhutu. Atadula, anamupatsa khadilo. Tiffany analiyang'ana, n'kuseka, n'kunena m'Chingerezi kuti mawu onsewa akuwadziwa.

"Kudziwa ndiye ukudziwa," anatero amayi ake. "Ine ndikufuna unene."

Tiffany anati ali bize, adzachita tsiku lina, ndipo anafunsa ngati akudwala.

"Sindikudwala, mwanawe. Ndadiraiva mtunda wonsewu chifukwa cha kapepala aka. Tanena."

Mwanayo ataona kuti amayi ake sakuseka, anaika pansi malaya amene anali m'manja. Anayamba kuwerenga. Madzi. Idyani. Mukuzizidwa? Pakuwawa pati? Lilime linkalemera, mawu ankatuluka opotoka, iye mwini akuchita manyazi. Mayi Evelina sanamukonze ngakhale kamodzi. Anali atatseka maso, manja ali pamiyendo, ngati mmene amakhalira okalamba awo aja.

Pamzere womaliza Tiffany anaima. Anauwerenga kaye chamumtima, kenaka anayang'ana amayi ake, imvi zija, mapazi otupa aja.

"Amayi," anatero, "ndili pano."

"Eya," anayankha Mayi Evelina. "Bwerezanso, kuti tsiku limenelo ndidzakuzindikire."